Ndinkayeza Oyilo Injini Itazima

Galimoto yathu inali yakale, ya otomatiki, ndipo tinaigula kwa mwini loji ina ku Kande. Lamlungu lililonse tisanapite kutchalitchi ndinkasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi. Nthawi zonse kankaonetsa kuti ndi wodzaza.

Tsiku limene ndinkathamangira ndi mkazi wanga kuchipatala cha ku boma, galimotoyo inakana kukoka pachitunda. Ndikaponda moto injini inkangobangula, koma matayala akukwawa. Ndinamenya chiwongolero.

"Musaikalipire, nayonso yakalamba," anatero mkazi wanga ali chigonere kumbuyo.

Ulendo wa ola limodzi unatitengera maola atatu. Anamwalira mawa lake.

Patapita miyezi iwiri ndinaitana makaniko wa pa Chintheche. Anandiuza kuti ndilize galimotoyo, ndipo itatentha anasolola kachitsulo kaja n'kukanunkhiza. Oyiloyo anali wakuda, akununkha chopserera.

"Uyu amayenera kukhala wofiira, bambo, komanso watsala pang'ono. N'chifukwa chake giya ikuterereka. Mumayeza bwanji?"

"M'mawa, injini itazima."

"Aa, ndiye kamakunamizani. Ikazima oyilo amatsikira pansi n'kumaoneka wambiri. Wa giya timayeza injini ikulira."

Ndinamufunsa ngati ikanakwera chitunda chija ndikanathira wina. Iye analipo pamaliro a mkazi wanga, ndipo anamva chimene ndinkafunsa. Anapukuta manja nthawi yaitali.

"Mwina, bambo. Sindingalumbire."

Adokotala anandiuza kuti maola awiriwo sakanasintha kanthu, ndipo masiku ena ndimawakhulupirira. Galimoto inakonzedwa, koma kutchalitchi ndimapita wapansi.