Muvi wa a Zuze

Loweruka lapitali tinali ku Lifidzi, kusasula denga la udzu pa nyumba ya azakhali anga, aNangozo, kuti tikhome malata mvula isanagwe. Ine ntchito yanga inali yolandira udzu wakale pansi, poti mphunzitsi wa mimba ngati yangayi sakwera padenga ana akumufunabe ku shikola Lolemba. Dzuwa lili pamutu, mmisiri anafuula kuti wapeza kanthu kotsomeka kuseri kwa phaso, ndipo anandiponyera.

Kanali kamtolo kokulunga m'chigamba cha nsalu ya kapulana, kakuda bii ndi mwaye. Nditamasula ndinapeza mivi isanu ndi umodzi. Mabango ake anali atafumbwa, nthenga zitadyedwa, koma zitsulo zake zinali zakuthwabe moti ndinadzicheka chala.

"Ya malemu bambo ako imeneyo, paja nyumba ino idali yawo," anatero azakhali, osadabwa n'komwe. "Koma isanu yokha. Winawo ngwa eni."

Ndinaseka. Kodi muvi uli ndi nkhope kuti munthu n'kuuzindikira?

"Iwe wophunzira iwe, tayang'ana pakhosi pa chitsulocho."

Ndinayang'ana. Mivi isanu inali ndi timizere titatu totema ndi mpeni. Wachisanu ndi chimodziwo unali ndi chizindikiro china, chonga phazi la nkhanga.

Pomwepo, tili chiimire mu udzu wowola, azakhali anandiuza nkhani imene aliyense kwathu ankaidziwa kupatula ine. Sabata imene tinathawa nkhondo kupita ku Malawi, bambo anga, a Fabiyano, anapeza mbawala itafa m'mbali mwa mtsinje, muvi uli m'thupi. Lamulo la alenje linali lodziwika: nyama ndi ya amene wayamba kuilasa, ngakhale ithamange tsiku lathunthu n'kukagwera m'munda mwako. Wotola amanyamula nyama ndi muvi womwe kupita nazo kwa mwini. Bambo chizindikirocho anachidziwa. Chinali cha a Zuze Mbewe, mnzawo amene anaphunzira naye uta kwa bambo ake a Zuzewo. Koma masana omwewo mfuti zinamveka, mudzi unabalalika, aliyense kulowera kwake.

"Tidaidya m'njira," anatero azakhali. "Iwe udali kumsana. Mkaka umene udayamwa sabata imeneyo udali wa mbawala ya a Zuze."

Mtendere utabwera tinabwerera ku Lifidzi, koma a Zuze anakakhala ku Domwe, kwa akazi awo. Wina amene anaona chikopa anakawauza, ndipo iwo ananena pamaliro ena, anthu akumva, kuti Fabiyano anadya nyama yawo n'kubisa muvi. Kwa alenje mawu amenewo tanthauzo lake n'limodzi: wakuba. Bambo anamva, manyazi anawagwira. Chaka chilichonse ankati adzapita akakolola, mpaka anamwalira muvi uli m'denga. Akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake sindinawaonepo atagwira uta, ndiponso chifukwa chake ankachoka mwakachetechete pa mowa anthu akayamba nkhani za uzimba.

"Nanga inu azakhali, bwanji simunaupereke?"

"Ine ndine mwana wake? Ndimadikira kuti ukule nzeru. Ndaona imvi zafika, nzeru zikadali m'njira." Kenako anatsitsa mawu. "A Zuze akudwala, maso adatha. Akapita ameneyo palibe wina angachotse dzina limene adawapatsa bambo ako."

Ndiulule, inu owerenga, poti tinazolowerana: sindinafune kupita. Ndani angaweruze munthu wodyetsa ana ake pothawa nkhondo? Ndinaganiza zoipachika mivi yonseyo pakhoma kwanga ku tawuni ya Vila, alendo azifunsa, ine ndizinyada. Ndinaopanso kuti nkhalambayo ikandinyoza pamaso pa anthu. Koma Lamulungu titatuluka ku Misa ku Fonte Boa ndinalowa m'khola, ndinamanga tonde wanga mmodzi, ndinakwera naye shapa, minibasi yathu ya kuno, ya ku Domwe, muvi uli m'thumba la jekete.

M'njira ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza, poti shapa zathu zimaima paliponse pamene paima munthu.

Ife a mtundu wa Angoni timanyadira chishango ndi nthungo. Tikavina ngoma fumbi limafika kumwamba, ndipo ine ndimavina nawo, mimba ikugwedera. Koma munamvapo tikutamanda uta? Timauyesa chida cha anthu oopa kuyandikira. Bodza limenelo ndalinena nanenso m'kalasi, ndipo lero ndikulibweza.

Makolo athu pofika m'mapiri muno kuchokera kumwera anapeza anthu a uta alipo kale. Ndiwo ankadziwa kumene kuli akasupe osaphwa. Ndiwo anatsata mapazi a nyama mpaka mapaziwo anasanduka njira, ndipo zina mwa njirazo ndi zimene tikupalasamo njinga lero, matumba a chimanga ali kumbuyo. Nguluwe ndi anyani zikanati zisiyidwe, ndani akanakolola m'madimba athuwa? Nthungo ndi yabwino pokumana ndi munthu mnzako, koma mbawala siyembekeza kuti uyifikire. Makolo athu, ndi kunyada kwawo konse, anakhala pansi n'kuphunzira kwa amene anawapeza. Bambo anga anali Mngoni, mphunzitsi wawo anali Mbewe.

Ndipo musati inali ntchito yamasewera. Chitsulo cha muvi chinkachokera m'mwala, wosula atachiyenga m'ng'anjo ya dothi. Bango linkawongoledwa pamoto, nthenga n'kumangidwa ndi mtsempha wa nyama. Mlenje ankanyamula kaphulusa kuti aone kumene mphepo ikulowera, chifukwa nyama ikamva fungo lako basi, wagona ndi njala. Ankakwawa mpaka kumva nyamayo ikutafuna. Ndiye wamantha ndi ameneyo? Ine galu wa eni akangouwa ndimawoloka msewu.

Koma chimene chandikhudza kwambiri sabata ino si luso lawo ayi. Ndi kachizindikiro kaja.

Anthu amenewa analibe ofesi, analibe sekeletaliyo, analibe kalimbo wodinda pa pepala. Ambiri dzina lawo lenilenilo sankatha kulilemba. Komabe kutchire, kumene kulibe mboni, munthu wanjala ankapeza nyama yonona, n'kuisenza mtunda wautali kukatula pakhomo la mnzake chifukwa cha timizere totema pa chitsulo. Ndiuzeni ngati pali lamulo lathu lina lolembedwa limene timalimvera chomwecho.

Chizindikirocho sichinali chongolandirira nyama. Muvi wako ukalasa galu wa mnzako, kapena mbuzi, kapena munthu, unalibe pothawira. Wotema chizindikiro pa muvi ankavomereza zonse ziwiri, nyama ndi mlandu.

Nanga ife? Lero tchire ladzaza misampha ya waya yopanda mwini. Ikakola mwana wa ng'ombe aliyense amayang'ana kumwamba. Phiri lonse limapsa mwezi uno chifukwa cha mbewa zisanu, ndipo moto umenewo sunayatsidwe ndi munthu, umangoyaka wokha. Pa zabwino ndiye mwini amachuluka. Amayi asenza miyala miyezi itatu kumanga kamlatho, koma pa chithunzi pamaoneka amene wafika pa galimoto tsiku lomaliza. Kachewere wathu akangodumpha malire amasintha dzina n'kukhala wa kwina, ngati kuti ku Angonia kuno timalima miyala. Woyamba kulasa tinamuiwala, timaombera m'manja wofika nyama itagwa kale.

Musandimve molakwa, sindikuti ana athu asiye makope atenge mauta. Nyama zinatha, zotsalazo n'zofunika kuzisiya zipume. Ndikungofunsa kuti pa zinthu zonse zimene makolo aja anatisiyira, bwanji tinasunga nyimbo ndi zovala za gule n'kutaya ichi?

Ku Domwe sindinavutike kufunsa. A Zuze ndinawapeza pamphasa pakhonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Mwana wawo wamkazi, a Rozina, ankasankha nyemba pambali, ndipo anansi angapo ochokera ku tchalitchi anali atabwera kudzazonda matenda. Ndiye kuti mboni zinalipo, zimene ine ndinkaopa zija.

Ndinamangirira tonde pa mtengo, ndinagwada.

"Ndine mwana wa malemu a Fabiyano Ngozo, a ku Lifidzi."

A Rozina anasiya nyemba.

"Fabiyano ndikumudziwa," inatero nkhalambayo, nkhope itayang'ana kumbali.

Mawu onse amene ndinakonza mu shapa anandithawa. Ndinangotulutsa muviwo n'kuuika m'manja mwawo ndi manja awiri. Anaugwira ku bango, anatsetsereka ndi chala chachikulu mpaka pakhosi pa chitsulo, ndipo chala chinaima pamenepo. Anasisita kaphazi ka nkhanga kaja nthawi yaitali.

"Udalowa pati?"

"Pepani aMbewe, sindinamve."

"Ndikuti muviwu udalowa pati pa nyamayo?"

Sindinkadziwa. Ndinatulutsa telefoni, ndinaimbira azakhali, ndinakweza mawu kuti onse amve. Azakhali pa telefoni salankhula, amafuula, poganiza kuti mawu ayenera kuyenda okha mtunda wonsewo.

"Kuseri kwa mwendo wa kutsogolo, kumanzere! Udalowa wonse, kunja kudangotsala nthenga! Ine ndidaona ndi maso angawa, ndine ndidagwira mwendo posenda!"

A Zuze anadzuka n'kukhala tsonga, bulangete linagwa. "Mwamva? Rozina, wamva? Mumati ndimanama inu! Ndidaiponyera ili tsidya la mtsinje, ikuthamanga!" Anaseka mpaka anabanika ndi chifuwa. A Rozina anandinong'oneza kuti umenewo unali muvi wawo womaliza kuponya, ndipo nkhani yake ana a pakhomopo anaimva mpaka kutopa nayo, osakhulupirira.

Chifuwa chitatsika anaweramira ku telefoni. "ANangozo, nyamayo mudadya angati?"

"Tonse, aMbewe, ndi ana omwe." Mawu a azakhali anatsika, chinthu chimene sindinachimvepo pa telefoni. "Tidafika nayo mpaka m'malire. Palibe adatsala m'njira. Achimwene adafuna kubwera, koma manyazi."

Nkhalambayo inati, "Nanenso pakamwa panga padathamanga. Ndikumva mbuzi ikulira, ndi yanga?"

"Ndi yanu, m'malo mwa mbawala."

"Mngoni kubweza mbawala ndi mbuzi! Chabwino, mlandu suola. Iphani."

Anansi aja anagwira ntchito mwachangu, monga amachitira anthu akaona nyama imene sanaiyembekeze. Ine ndinati ndatha zanga, ndinayamba kutsanzika kuti ndipeze shapa yobwerera. A Zuze anandigwira dzanja, ndipo anauza a Rozina kuti abweretse mwendo wa kutsogolo wathunthu, ndi phewa lomwe. Anaupapasa kuti atsimikize kuti sanaubere mnofu, n'kuuika pa miyendo yanga.

Ndinayamba kukana, monga mwa ulemu. Anandidula, ndipo anakweza mawu kuti ndi a kuseri kwa nyumba omwe amve.

"Si wako uwu, Ngozo, usakane za eni. Ngwa Fabiyano. Wotola nyama ya mnzake n'kubweza muvi amalandira mwendo wa kutsogolo, ndimo tidaphunzirira tonse awiri kwa bambo anga. Inu nonse mwaona. Wakuba sapatsidwa mwendo."

Ndinalira, anthu inu. Bambo wa imvi, pulofesolo wathunthu monga amatchulira aphunzitsi kuno, ndinalira pakhonde la eni mwendo wa mbuzi uli pamiyendo, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Mu shapa yobwerera mwendowo ndinaukulunga m'masamba a nthochi, koma chiboda chinatulukira kunja. Mayi wina amene anakhala pambali panga ndi dengu la tomato anauyang'ana, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti nyama yabwino chotere ndaipeza kuti Lamulungu.

"Ndi ya bambo anga," ndinayankha, mokweza kuposa mmene zinkafunikira, mpaka woyendetsa anacheuka. "Anali mlenje."