Mumakhala Kuti, Bambo?

Inu amene mwalema ndi moyo, tamverani za wosoka nsapato wina amene anthu ankangomutcha Phula.

Phula ankagona pa makatoni pakhonde la sitolo ya zitsulo. Ntchito inali itatha, mkazi atachoka, ndipo chilonda cha pamwendo chinkanunkha mwakuti ngakhale anzake a pakhondepo ankamutalikira.

Atapita kuchipatala, kalaliki anamufunsa, "Mumakhala kuti, bambo?"

Manyazi anamugwira. Anatchula nyumba ya mkulu wake, kumene anali asanapondeko kwa zaka zinayi. Limeneli linali bodza, ndipo umphawi wa wolinena sunalichepetse.

Anamutsuka chilonda, namutenga magazi. Iye sanabwererenso. Zotsatira zinaonetsa matenda a shuga: popanda mankhwala, mwendowo ukanadulidwa.

Namwino woyendera odwala m'makomo, mayi wa imvi, anapita kunyumba yolembedwayo Lolemba. Mlamu wake wa Phula anayankhira pachipata kuti, "Ameneyo sakhala kuno."

Wina akanalemba kuti wodwala sanapezeke, n'kutseka kabuku. Mayiyu anayenda masiku atatu akufunsa ogulitsa malonda m'misewu, kufikira atamupeza masana ena, ntchentche zili ng'waa pamwendo.

"Achimwene, taonani nsapato zangazi. Zathera bodza lanu, ndipo mundisokera ndinu. Dzukani."

"Amayi, ndikanati pakhonde, mukanandiseka."

"Tikanalemba pakhonde pomwepo, ine n'kukupezani Lolemba."

Kwa miyezi isanu Phula ankatsimphina m'mawa uliwonse kukatsukitsa chilondacho. Mankhwala ake namwinoyo ankawasunga m'kabati, poopa mvula ya pakhonde. Panali masiku amene ululu unkamuuza kuti agone, koma sanajombe ngakhale kamodzi. Mwendo unapulumuka. Atagwiranso singano, nsapato zoyamba kusoka zinali za mayi uja, ndipo anazisoka kawiri, kunja ndi mkati.

Lero ali ndi kachipinda kake, ndipo amasokera pachipata cha chipatala chomwecho. Akaona munthu wa mumsewu akuzengereza kulowa, amamuitana: "Mnzanga, akakufunsa, ukanene zoona. Ngati ndi pansi pa mlatho, alembe pansi pa mlatho. Muli anthu mmenemo amene amatsatira."

Tithokoze Mulungu chifukwa cha antchito otere. Ndipo inu amene muli pansi lero, musawasocheretse ndi manyazi. Nenani pamene muli, mtima usagwe, kuti wokufunani akupezeni.