Dzira la Tadala layandama m'madzi amchere

Mwaswera bwanji nonse kumeneko.

Lero pochokera kudimba ndapeza mpongozi wanga, make Tadala, akuthira mchere m'beseni la madzi, mwana atakhala pambali wosavala malaya. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno ku Nsaru, akamasambitsa mwana madzi amchere ndiye kuti pali wina amene akumuganizira ufiti. Nanga pakhomo pano nkhalamba si ndine ndekha?

Ndafunsa kuti, "Kodi mwanayu wamulodza ndani?"

Iye kuseka. "Ayi amayi, tikupanga nyanja yaikulu ija yamchere. Takhalani pansi muone."

Makoko a mtedza asanduka mabwato, masamba a mango asanduka nsomba, Tadala akuvuula imodziimodzi uku akuwerenga. Kenaka mwana uja watenga dzira, waliika m'ndowa ya madzi a pamjigo, lamira. Waliika m'beseni muja, abale inu, layandama! Ndalikankha ndi chala changachi, labwereranso pamwamba.

"Agogo, musalivutitse, mchere ndi umene walinyamula," akutero mwana wa zaka zinayi.

Ine ndakalamba osaionapo nyanja, koma lero ndaionera pakhonde panga. Mkazi ameneyu ali ndi mutu. Sukulu ya mkaka ili kutali, koma mdzukulu wanga sakutsalira.

Tsono ndithandizeni maganizo. Mpongozi wangayu ine ndinamuweruza kale mumtima kuti akundinena ufiti, mwini wake sakudziwa. Ndimuuze ndipepese, kapena ndingomugwirira nkhuku yathadzi mwakachetechete, mazira a phunziro asamasowe?