Mwana wathu atasiya kulira

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anabadwa nthawi imene mafakitale ankaphuka mu Kafue chaka ndi chaka. Tinkakhala ku Nangongwe m'nyumba ya zipinda ziwiri. Ine ndinali mtolankhani wongoyamba kumene, wotumiza nkhani ku Lusaka pa foni ya ku positi. Mkazi wanga ankagwira ntchito yonyika nsalu mu utoto pa fakitale ina.

Anabwerera ku ntchito mwana asanakwane miyezi iwiri, chifukwa pa geti pankaima akazi ambiri ofuna malo ake. Ndinaitanitsa alongo anga aakulu, amasiye, kuchokera kwathu kum'mawa kuti adzatilerere.

Tsiku loyamba ataweruka, mkazi wanga analunjika pamene panagona mwana. Alongo anga anamutsekereza.

"Alamu, taonani kaye manja anuwo."

Anali a buluu mpaka m'zigongono. Sopo sankachotsa.

"Ndasamba kawiri, alamu."

"Sindikunena utoto wokha. Mwakhudzana ndi anthu angati lero? Pampando wa m'basi munakhalapo panachoka ndani? Mukudziwa kumene anagona?"

Kwathu amati khanda ndi lozizira, ndipo munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha. Wotentha akagwira khanda amalitsempha: limatupa mapazi, limawonda, mwina kufa. Kwa alongo anga, fakitale yodzaza amuna ndi akazi osadziwana inali ng'anjo, ndipo wochokerako aliyense ankabwera ndi moto wake.

Za tsempho ine sindinkazikhulupirira. Ndinkaopa utoto. Khungu la mkazi wanga linali litang'ambika pakati pa zala, ndipo ndinali nditaona nsomba zitayandama m'ngalande ina yolowera ku mtsinje. Choncho ndinagwirizana ndi alongo anga, aliyense pa chifukwa chake: mayi asamugwire mwana kufikira atakhwima. Tinagula botolo, mkaka wa m'chitini ndi kabedi kachitsulo kopaka penti yoyera. Anansi ankabwera kudzakaona kabediko.

Alongo anga sanali munthu wongokhala. Anayamba kukazinga vitumbuwa pakhonde, kugulitsa kwa antchito opita ku shifiti. Pafupi ndi mafuta owira sakanabereka khanda, ndiye ankamusiya m'kabedi, botolo atalitsamiritsa pa nsalu yopinda. Mwana ankamwa pa nthawi yake. Ankasamba. Matewera ake ankayera kuposa a pa mzere wonse wa nyumba zathu. Palibe chimene ankasowa chimene ndikanatha kuchilemba papepala.

Masabata oyamba ankalira mpaka kusasa mawu. Kenako ankalira pang'ono n'kuleka. Kenako analekeratu.

"Mwana wanu ndi wabwino, ba neba," anatero mayi wa nyumba yoyandikana. "Wanga uyu ndi sailini ya pa fakitale."

Ku sikelo anati kulemera kukukwera, ngakhale pang'onopang'ono. Sanapeze malungo, sanapeze chifuwa. Anatipatsa khadi lathu, tinabwerera.

Lamlungu lina masana ndinali pakhomo. Ndinaweramira m'kabedi n'kugwedeza makiyi pamwamba pa nkhope yake. Maso ake anali otsegula, akuyang'ana malata. Ndinamuitana. Ndinaimba mluzu. Ntchentche inatera pa mlomo wake, inayenda mpaka pa mphuno, iye osagwedezeka. Nditatembenuza mutu wake ndinapeza nkhongo itaphwatalala, tsitsi litatha.

Mkazi wanga anali ataima pachitseko, manja kumbuyo. Ndi mmene ankaimira tsiku lililonse akalowa m'chipindacho.

"Atate ake, mwana ameneyu sakundidziwa," anatero motsitsa mawu. "Sakudziwa munthu aliyense."

Analowa, anamasula mabatani a diresi, anamunyamula mwana n'kumulowetsa pachifuwa, khungu pa khungu. Alongo anga anatulukira ali ndi chipande m'manja.

"Alamu, mubwezeni."

"Sindimubweza."

"Ndaika ana awiri m'manda ine. Ndikudziwa chimene ndikunena." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, wangoti duu? Akatupa udzalemba mu nyuzi yakoyo?"

Ndinati timusiye mayi ndi mwana wake. Sindinganame kuti ndinayankhula molimba mtima.

Mwana sanakondwere. Anauma thupi ngati thabwa, nkhope anaitembenuzira kumbali, timanja titatambasuka osagwira kanthu. Mkazi wanga anamumanga ndi chitenge kutsogolo, anakhala pansi n'kuyamba kumusisita msana ndi zala zake zija za buluu.

Lolemba sailini yoitana antchito inalira, mkazi wanga sanatuluke. Lachiwiri kapitawo anatuma munthu kudzafunsa. Lachitatu tinamva kuti pamalo pake alembapo mkazi wina. Masiku onsewo sanamutsitse mwana, kupatula posamba. Ankaphika naye, ankachapa naye, ankamuyankhula ngati munthu wamkulu. Alongo anga anasiya kukazinga. M'mawa uliwonse ankabwera kudzadina mapazi a mwana ndi chala, kuona ngati chalacho chisiya dzenje. Ine, wosakhulupirira uja, ndinkaima kumbuyo kwawo n'kumayang'anitsitsa.

Lachisanu mkazi wanga anamugoneka mwana pamphasa kuti avule chitenge chonyowa. Atangochotsa manja, mwana anakwinya nkhope. Panatuluka mawu ochepa, okhakhala, ngati chitseko cha dzimbiri. Anali kulira. Tonse atatu tinangoima chilili. Mayi ake atamunyamula, anatonthola.

Mapazi sanatupe. Alongo anga anati tsempho silithamanga, limadikira. Anakhala nafe mwezi wina akudinabe, kenako anakwera basi.

Mwana anayamba kuyang'ana mayi ake m'maso mvula itayamba kugwa. Ine anachedwa kwambiri kundizolowera. Anafika poyenda ndi poyankhula, koma ndikatambasula manja ankayamba waima patali, kundiyang'ana nthawi yaitali, asanasankhe kubwera kapena ayi.