Chopondera cha aNambewe

Chinali chaka cha 2011, ine ndili ndi zaka 51, pamene ndinakwera basi pa Golomoti kupita ku Joni. Mpunga wa ku Bwanje unkatidyetsa, koma sukanagula galimoto. Potsanzika ndinauza akazi anga, aNambewe, kuti: "Ndikadzabwera, ku Misa ku Mua muzidzapita mutakhala kutsogolo." Anaseka, n'kundimangira mtedza m'kansalu.

Ku Joni ndinkasamalira maluwa a mzungu. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba, ine ndi wailesi basi. Ndalama ndinkapatsira madalaivala a mabasi. Pafoni ine ndi aNambewe sitinkachulutsa zonena. "Muli bwanji?" "Tili bwino." Za miyendo yawo sanandiuzeko. Inenso za kuzizira sindinawauze.

Bwana atakalamba anandigulitsa pikapu yake yakale. Loweruka lililonse ndinkakhala kwa Yusufu, makaniko wochokera ku Mtakataka, tikukangana zoti tiyambe kusintha chiyani.

"Achimwene, yambani ndi ekizosi yaikulu," anatero Yusufu. "Akumveni mukadali ku Balaka."

"Matope a ku Bwanje saopa phokoso," ndinamuyankha. "Ikweze galimotoyi."

Tinaika masipuling'i olimba ndi matayala aakulu. Inakwera mpaka mpando kufika m'chiuno mwanga. Ekizosi ndinagulabe, paipi ya utsi yonyezimira, n'kuikulunga m'bulangete kuti ndikaiike kumudzi.

Ndinafika chaka chatha, Lachisanu. Anthu anadzaza pabwalo, ena kugwira matayala. Lamlungu m'mawa aNambewe anatuluka atavala chitenje chatsopano, ali ndi ndodo. Chifikireni ine, ndodoyo ankaibisa kuseri kwa chitseko. Zaka zonse zija ankaokera mpunga okha m'madzi, ndipo mawondo anatha.

Ndinawatsegulira chitseko. Anakweza mwendo, bondo linakana. Anayesanso, thukuta kutuluka.

"Bambo a Telesa, mwandigulira galimoto kapena nkhokwe?"

"Ndikunyamuleni."

"Pamaso pa akamwini? Iyayi. Pitani, mukandipempherere."

Sindinapite. Tinakhala pakhonde awiri, galimoto ili poteropo.

Lolemba ndinatenga ekizosi ija kupita nayo kwa wowotcherera pa Golomoti. Anaitembenuza, n'kuimba mluzu.

"Madala, chinthu chatsopano chonchi ndidule?"

"Dula. Upange masitepe awiri, mbali ya kumanzere ya galimoto, ndi chogwirira."

Lamlungu lotsatira aNambewe anaponda, anagwira, n'kukhala. Anakonza duku, anatsitsa galasi, n'kuyamba kulonjera aliyense wa m'njira, ngakhale amene sayankhulana nawo. Njira yonse ya ku Mua ankandiuza kuti ndichepetse liwiro, anthu awaone bwino.

Yusufu amafunsabe pafoni kuti ekizosi ikulira bwanji. Ndimamuuza kuti ikugwira ntchito.

Ku Joni ndinapezako pikapu. Ndinatayako zaka khumi ndi zitatu, mano awiri, maliro a mkulu wanga, ukwati wa Telesa, ndi mawondo awiri a aNambewe. Mpando wa kutsogolo uli ndi mwini wake.