Kachitsulo ka m'ntchafu mwanga

Chizindikiro choyamba chinali kutentha kwa ntchafu yakumanzere. Munali mu Juni, mphepo ya m'mapiri a Ntchisi ikulowa mpaka m'mafupa, koma mwendo umodzi wokha unkatentha ngati ndauyandikiza pamoto. Pabala laling'ono limene ndinkayesa kuti lapola panayamba kutupa. Sindinauze munthu. Tinali tisanamete maliro a amuna anga, ndipo ndinkaona ngati n'kulakwa kudandaula za mwendo iwo ali m'manda.

Amuna angawo, a Gelesomu, anali okhoma zidebe. Ankapanga ndowa, mbaula ndi makheni a kudimba, ndipo chitsulo chilichonse chimene apeza panjira ankabwera nacho kunyumba. Mvula itatha, anapita kukadula nsungwi kuchigwembe cha kuseri kwa munda wathu, n'kubwerako ndi chinthu chimene madzi anafukula. Chinali cholemera, chadzimbiri, chooneka ngati papaya wosongoka, kumbuyo kwake kuli timapiko tachitsulo.

Palibe amene anachidziwa. Amuna anga ankati n'chapamjigo. Akulu awo, alamu anga, anati ndi mwala wa sikelo yakale yoyezera fodya.

"Sikelo yanji yamapiko, achimwene? Fodya wake anali wouluka?" anatero amuna anga, tonse n'kuseka.

Ine ndinati chikanapanda dzimbiri chikanakhala chabwino kusinjira mtedza. Poti tinalephera kugwirizana, tinachipatsa ntchito yotchinga chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Tinkachidumpha polowa ndi potuluka.

Tsiku lina m'mawa amuna anga anaganiza zochotsa timapiko tija, kuti thupi lake lobulungira azipindirapo malata. Anachiika pachidutswa cha njanji chimene ankakhomerapo, patsinde pa mango. Ine ndinali pakhonde, ndikutonola chimanga. Ndinamva nyundo ikugunda, kenako sindinamvenso kanthu.

Ndinapezeka ndagona chagada, m'kamwa muli dothi, m'makutu mukulira. Masamba a mango anali kugwabe. Ndowa zimene anakhoma zinali mbwee pabwalo, zobookabooka. Amuna anga anali atagona cham'mbali, mkono wamanja utaduka pachigongono, pamimba patang'ambika, magazi akulowa m'dothi. Ndinakwawa, ndinavula chitenje n'kumanga mkonowo. Milomo yawo inkayenda, koma makutu anga anali atatseka. Mpaka lero sindidziwa zimene ananena. Anamwalira pangolo tisanafike kumsewu.

Apolisi atabwera anatola zidutswa, n'kutiuza kuti linali bomba lakale la asilikali. Mmene linafikira m'chigwembe chathu palibe akudziwa.

Ine ndinali ndi timabala pankhope, m'manja ndi pantchafu. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu ananditsuka, kundimanga ndi kundibaya jekeseni, n'kundiuza kuti ndipite ku boma akandijambule mwendo. Ndinavomera pakamwa pokha. Ndinabwerera kumaliro, chifukwa kwathu namfedwa sayendayenda anthu asanamete.

Kutentha kuja kutayamba, zina zinatsatira. Ntchafu inauma gwa, khungu likuwala. Bala linatsegukanso n'kumatuluka mafinya. Ndinkanjenjemera ngati wa malungo, chakudya osachifuna. Amayi anzanga obwera kudzandikhazika ankati ndi chisoni chatsikira m'mwendo. Ndinkathowa ndi madzi otentha amchere, n'kuphimba ndi zitenje ziwiri kuti fungo lisamveke.

Mwana wanga Eneresi, amene anakwatiwa ku Dowa, anabwera kudzakonzekera za kumeta. Atangolowa m'nyumba anaima.

"Amayi, fungo ili si la khoswe wofera padenga. Vundukulani ndione."

Ataona anakhala pansi. "Abambo tawaika. Mukufuna tikumbenso dzenje lina dothi lawo lisanaume?"

Ndinati tidikire timete kaye. Iye anakaitana alamu anga. Iwo sanalowe n'komwe, anangoyankhira pakhomo kuti, "Tsitsi silithawa, mlamu. Pitani."

Tinakwera njinga yamoto, Eneresi atandigwira kumbuyo. Bampu iliyonse inkandifika kumutu. Kuchipatala cha pa boma tinapeza anthu ambiri, ndipo tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Namwino atavundukula bala sanandibwezenso pamzere. Anandigoneka m'wodi, n'kundiika diripi ndi mankhwala a mumtsempha. Eneresi ankagona pansi pambali pa bedi, masana n'kumakaphika kukhitchini ya odikirira odwala.

Atandijambula, adokotala anandionetsa chithunzi pawindo. Pafupi ndi fupa panali kanthu koyera ngati nthanga ya dzungu. Anati ndi chitsulo, ndipo mnofu wozungulira wawola. "Tiona tikatsegula. Ngati zafika kufupa, tidzakambirana za mwendo wonse," anatero.

Mawu amenewo anandilowa kwambiri. Munda wathu uli pamtsetse, madzi timatunga kumunsi kwa phiri, ndipo wondilimira anali atapita. Ndinkaganiza kuti mayi wa mwendo umodzi adzakwera bwanji pamenepo.

Tsiku la opaleshoni anandiletsa kudya. Anandibaya jekeseni pamsana, miyendo n'kufa dzanzi. Sindinamve ululu, koma ndinkamva akukoka ndi kupala. Kenako ndinamva kanthu kakugwera m'mbale yachitsulo. Adokotala anasuzumira kuseri kwa nsalu n'kundiuza kuti fupa lili bwino, koma ndikanachedwanso pang'ono nkhani ikanakhala ina.

Bala sanalisoke msanga. Analisiya lotsegula kuti azilitsuka m'mawa uliwonse, ndipo ululu weniweni unali pamenepo. Ankasolola nsalu imene anaika mkati dzulo lake, itamatirira ku mnofu, n'kuikamo ina. "Lumani chitenje, amayi, sindichedwa," ankatero namwino. Ndinaluma mpaka chitenje chinabooka.

Tsiku lina namwino yemweyo anabwera ndi kabotolo. Anati onse ankayesa kuti atulutsa chidutswa cha bomba, koma kachitsuloka kanali ndi bowo ndi kamsomali kophwanyidwa mutu. Anafunsa ngati ndikukadziwa. Ndinakatembenuza padzanja. Kanali kakhutu ka ndowa, pamene pamalowa chogwirira. Amuna anga ankapinda lata kawiri pamenepo kuti lisang'ambike ndowa ikadzaza, ndipo mapindidwe awo ndinkawadziwa. Pamaliro misozi inandikana, anthu mpaka kudabwa. Inabwera tsiku limenelo, m'wodi, pamaso pa anthu achilendo.

Kutentha thupi kutasiya ndi bala litayera, anandisoka. Anandiphunzitsa kuyenda ndi ndodo, kuyambira pabedi mpaka pakhomo, kenako mpaka panja. Ndinatuluka m'chipatala nyengo yotentha itayamba. Mankhwala ndinamwa onse, ndipo tsiku lililonse limene anandiuza kuti ndibwerenso ndinapita. Kumeta kunachitika nditabwerako, ndipo palibe anandinena.

Lero ndimayenda popanda ndodo, ngakhale ndimatsimphina kukazizira. Khutu lakumanzere limamva pang'ono. Ndalima munda wonse chaka chino, ndipo madzi ndimatunga ndekha, mu ndowa imene inapulumuka chifukwa inali m'nyumba. Kachitsulo kaja ndimakasunga m'chitini cha singano.

Kwa anzanga ndikuti, mukatola chitsulo chimene simukuchidziwa, musachimenye, musachiwotche, musachitengere kunyumba. Chisiyeni pomwepo, mukauze apolisi. Ife tinachisekerera ndi kuchidumpha pakhomo, ndipo chinatenga munthu. Komanso akakuuzani kuchipatala kuti mukajambulitse, pitani, ngakhale bala lioneke laling'ono, ngakhale muli pachisoni. Maliro anandidikira. Mwendo sukanandidikira.