Masitepe a pa Msewu wa ku Kambombo

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga wachitatu thupi linakana kubwerera mwakale. Ndinkaphunzitsa pasukulu ina pa boma la Chama, ndipo a nesi atandipima anati magazi akuthamanga kwambiri, ndiyambe kuyenda. Aphunzitsi anzanga anali ndi gulu la pa foni limene aliyense ankaponyamo masitepe ake madzulo. Foni inkawerenga mapazi, n'kukuuzanso mafuta amene wawotcha. Ndinalowa nawo.

Ndinkadzuka mmamawa, kuzungulira kumsika, kudutsa kuchipatala, kubwerako thukuta lili kamukamu. Koma foni yanga inkakhala m'chikwama, nthawi zina ndinkayiiwala pawindo, ndipo pa gulu ndinkakhala kumchira. Pamwamba nthawi zonse pankakhala mphunzitsi wa masamu, mayi wochokera ku Lusaka, wa zikhadabo zopenta. Iyeyo ankadya zitumbuwa pa buleki akutionetsa foni. "Ndawotcha kale dzulo," ankatero, "manje ndikungobwezera."

Tsiku lina mu ofesi ya aphunzitsi, pamaso pa a hedi ndi alendo ochokera ku maofesi a boma, anakweza foni yake n'kundiloza nayo.

"A Madamu awa akuti amayenda. Koma foni siinama. Ulendo wawo ndi wochoka pampando kupita pambale."

Anthu anaseka, mpaka mlendo wina anatsamwa tiyi. Ine mkaka unali utadontha pa bulauzi, ndikuyesa kubisa ndi buku. Ndinasekerera nawo, koma mawuwo ndinawasunga.

Patapita milungu ingapo kunagwa maliro ku Chikwa, ndipo ndinakwera njinga yamoto ya hayala. Msewu unali wa mabampu okhaokha, mano kuchita kugundana. Nditatsika, foni inalira m'thumba la siketi. Inkandiyamikira kuti ndayenda kuposa masiku onse. Ine amene phazi silinaponde pansi! Ndinaima pamalirowo ndikuyang'ana foni, ndipo ndinakumbukira kuti mayi wa masamu uja ali ndi munda ku Kambombo, ndipo akaweruka amapitako atakwera kumbuyo kwa njinga yamoto ya amuna ake. Ndinaluma nsalu kuti ofedwa asaone kuti ndikuseka.

Sindinauze munthu. Kumuulula pa gulu kukanakhala kumupeputsira, akanangoti sankadziwa. Ndinkafuna anthu aone ndi maso, monga mmene anaonera bulauzi yanga.

Mpata unabwera mu Okutobala. Sukulu inakonza zoti ana a m'makalasi akuluakulu ayende wapansi kukacheza ndi sukulu ina ya njira ya ku Kambombo. Pamsonkhano ndinakweza dzanja.

"A hedi, tili ndi katswiri pakati pathu. Bwanji anyamule mbendera ya sukulu, atitsogolere? Ife a pambale tidzatsatira pambuyo."

Onse anawomba m'manja. Mayi wa masamu uja anavomera akumwetulira, chifukwa nayenso ankaikhulupirira foni yakeyo. Anagula ndi nsapato zatsopano zoyera.

Amene amadziwa dzuwa la m'chigwa mwezi umenewo sindikufunika kumufotokozera. Tinanyamuka iye ali patsogolo, akuimbitsa ana nyimbo. Titadutsa nyumba zomaliza za pa boma nyimbo inayamba kuchepa. Kenako mbendera inayamba kupendekeka. Ana anamupitirira, amayi osenza nkhuni anamupitirira, ine ndinafika pambali pake ndikuyenda mwakachetechete, miyendo yanga yozolowera mmamawa uliwonse. Sindinamupitirire. Ndinkafuna kumva mmene akupumira.

Tisanafike ndi pakati pomwe anakhala pansi patsinde pa mtengo wa tsanya, umene mthunzi wake ndi wongonamizira. Anavula nsapato. Matuza anali ataphulika zidendene zonse ziwiri.

"Madamu, muli ndi madzi?" anandifunsa, mawu atauma.

Ndinatsegula botolo langa, kumwa pang'onopang'ono, kupukuta pakamwa, kenako ndinamupatsa otsalawo.

A hedi anaimbira amuna a mayiyo, ndipo posakhalitsa njinga yamoto inafika ikutulutsa fumbi. Aphunzitsi onse anali atazungulira, ana akusuzumira kumbuyo kwawo. Atamukweza, ndinayandikira ndi kuyankhula mokweza.

"Foni muiike m'thumba bwinobwino, Madamu. Mabampu a msewu uno amawerengedwa ngati masitepe. Mukamafika kunyumba mukhala mwatiposanso tonse."

Mphunzitsi wa zamasewera anawomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti, "Ndiye zimenezo! Kumunda kuja!" Kuseka kunabuka ngati moto wa lupsa. A hedi anatembenukira kutchire, mapewa akugwedezeka. Iye anangoweramitsa nkhope pamsana pa amuna ake, njinga n'kunyamuka. Ndinatola mbendera ija, ndipo ndinaifikitsa ndekha kumene tinkapita.

Madzulo a tsiku limenelo sanaponye kanthu pa gulu, ndipo mmawa wake anatulukamo. Anzanga ena anati ndinanyanya, munthu anali atavulala kale. Ndinawayankha kuti zidendene zimapola msanga.

Lolemba mayi uja anabwera kuntchito atavala patapata, mapazi atapakidwa mankhwala ofiirira. Anakakhala pakona. Ine ndinakoka mpando wanga, ndinauika pamalo poti ndiziwaona bwino mapaziwo, n'kuyamba kuchonga mabuku a ana.